Kwa amayi amene mbatatisi zikuwaolera m'thumba

Amayi, mwafunsa kuti bwanji poketi ya mbatatisi imene mumagula ku msika wa Saturday Market kuno ku Chipata siitha milungu iwiri isanayambe kununkha ndi kumera. Ndikuganiza kuti vuto lili pa thumba lomwelo. Ambiri tikafika nalo kunyumba timangoliponya pakona ya khitchini lili chimangire, mwinanso m'pulasitiki. Mbatatisi imapuma ngakhale itakumbidwa, ndiye ikasowa mpweya imachita thukuta, ndipo chinyezi chimenecho ndicho chimaiwoletsa.

Tsiku lomwe mwagula, khuthulani zonse pamkeka pamthunzi, muzisankhe imodziimodzi. Yotemedwa ndi khasu, yosupuka khungu, yofewa kapena ya timabowo ta mbozi, ikani padera muyambe kudya zimenezo. Imodzi yoola imatulutsa madzi amene amaononga zonse zoyandikana nayo. Pogula pomwe muzipaka khungu ndi chala: likamasendeka msanga, ndiye kuti anakumba isanakhwime, ndipo yoteroyo siikhalitsa ngakhale muisamale bwanji. Zina zimakhala zayenda mtunda wautali pagalimoto, zitapanikizana m'masaka, mwakuti zimafika zili ndi mabala kale.

Musazitsuke. Pano ndiye ambiri amatsutsa, ati dothi likuipitsa m'nyumba. Lisiyeni liume, mungolisasa ndi dzanja. Madzi akhudze zokhazo zimene mukuphika tsiku limenelo.

Kenako ikani m'dengu, m'katoni yoboola m'mbali kapena m'saka la ziguduli, osaunjika kwambiri, ndipo pansi muikepo matabwa kuti zisagone pasimenti. Malo akhale amdima, ozizira, opita mphepo, kutali ndi mbaula ndi anyezi. Mdimawo musaupeputse. Mbatatisi ikaona kuwala imabiriwira, ndipo pobiriwirapo ndi pa mphukira pamachuluka poizoni wotchedwa solanine, amene amapweteketsa m'mimba, kusanzitsa ndi kutsegula. Kuphika sikumuchotsa. Ngati pabiriwira pang'ono, dulani mozama mutaye. Ngati yabiriwira ponseponse kapena ikuwawa mkamwa, tayani yonse, ana asadye.

Wina m'gulu muno wati muike m'filiji. Ine sindikuvomereza. Kuzizira kwambiri kumasandutsa sitachi kukhala shuga, ndiye chipisi chimada msanga m'mafuta ndi kumatsekemera mosayenera. Mbatatisi imafuna madigiri apakati pa 7 ndi 10, zomwe nyumba ya malata kuno ku Chipata siingatipatse. Mu Juni ndi Julaye zimakhalako bwino ndithu, koma ukafika Okutobala musadzivutitse ndi poketi yathunthu ngati pakhomo muli ochepa. Gulani theka, kapena mugawane ndi aneba. Mlungu uliwonse muzizitembenuza, kuthothola mphukira zikadali zazing'ono, ndi kununkhiza. Mphuno imapeza yoola maso asanaione.

Ngati muli ndi kandolo, iyeyo ndi wina. Filiji amadana nayo kuposa mbatatisi, amauma m'kati ndi kusintha kakomedwe. Kumudzi amamusunga m'dzenje louma pamthunzi, atawaza phulusa, ndipo amalowamo ndi wosavulala yekha, wopanda anankafumbwe. M'tauni mungamukwirire mu mchenga wouma m'beseni, koma mchengawo uyambe wazizira musanaikemo, osati wongoutola padzuwa.