Yankho: Chifukwa chimene Philipp Hildebrand anatulira pansi udindo

Mwafunsa ngati Hildebrand anachotsedwa pa ukulu wa banki yaikulu ya dziko la Switzerland chifukwa chophwanya lamulo. Ayi, anatula yekha pansi udindo pa 9 Januwale 2012, ndipo kafukufuku wa PwC, kampani yofufuza mabuku a ndalama, anali atapeza kale kuti malamulo a bankiyo sanaphwanyidwe.

Iye anagwirapo ntchito ku kampani ya zachuma ya Moore Capital, analowa m'bungwe loyendetsa banki yaikuluyo mu 2003, n'kukhala wapampando mu 2010. Nkhani inavuta motere: pa 15 Ogasiti 2011 mkazi wake anagula madola a ku America pafupifupi 504,000 pogwiritsa ntchito akaunti ya mwamuna wake, ndipo patangotha masabata atatu, pa 6 Seputembala, bankiyo inalengeza kuti sidzalola yuro imodzi kutsika pansi pa mafuranki 1.20. Furanki, ndalama ya ku Switzerland, inagwa tsiku lomwelo, madola aja n'kukwera mtengo. Wantchito wina wa ku Bank Sarasin, banki imene kunali akauntiyo, ndiye anatulutsa zikalata za akauntiyo, zomwe zinafika kwa wandale Christoph Blocher, amene ankatsutsa kale Hildebrand.

Potula pansi udindo, Hildebrand anavomereza kuti sakanatha kupereka umboni wosatsutsika woti mkazi wake anachita zimenezo iye asakudziwa. Kwa ine apa m'pamene panali vuto lenileni, pakuti amene amatsogolera posankha mtengo wa ndalama za dziko sayenera kukhala ndi malonda a ndalama zakunja m'nyumba mwake. Analowedwa m'malo ndi Thomas Jordan, ndipo chaka chomwecho cha 2012 Hildebrand analembedwa ntchito ku kampani ya zachuma ya BlackRock.