Za klatchi ya 350Z yokakamira pansi ija, musathamangire kutsitsa giyabokosi

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati Nissan 350Z ya 2005 mwaigula kumene, m'mawa pedulo ya klatchi imayenda bhobho koma mukangoima ima pa jamu ya pa msewu wa N1 ku Joni kapena mwaithamangitsako pang'ono imakakamira pansi mpaka muikoke ndi phazi, nde makaniko wakuuzani kuti mugule clutch kit yonse. Ine ndikuti ndalamayo ikhale kaye m'thumba. Mmene mwafotokozeramo, vuto likuoneka kuti lili ku mbali ya fluid, brake fluid amene amayendetsanso klatchi, osati mkati mwa giyabokosi, ndipo zambiri mutha kuziona nokha pakhomo Loweruka m'mawa muli ndi tochi ndi mnzanu mmodzi wokupondelani.

Choyamba mumvetse chimene chimabweza peduloyo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ndi kasipuling'i kamene kali pamwamba pa pedulo paja. Ayi ndithu. Mukaponda mumakankha master cylinder, iyo imatumiza fluid kudzera mu paipi kupita ku slave cylinder imene ili pambali pa giyabokosi, slave imakankha kachitsulo kamphanda kotchedwa fork, fork imakankha release bearing, bearing nkupanikiza zala za pressure plate, chimbale cha sipuling'i chimene chimafinya klatchi. Zili ngati majekiseni awiri olumikizidwa ndi kapaipi, mukakankha uyu winayo amatuluka. Nde mukachotsa phazi, mphamvu yaikulu yobwezera imachokera ku sipuling'i ya pressure plate, imakankha zonse zija chobwerera kudzera mu fluid yemweyo. Kasipuling'i ka pa pedulo ntchito yake ndi kukuthandizani kuti mwendo usatope, pedulo ikadutsa chapakati kamaikokera pansi. Ndiye fluid akangolephera kugwira presha, palibe chokankha kuchokera kumunsi, kasipuling'i kaja kamangoigwirira pedulo pansi pomwepo basi. Mukaikoka ndi phazi ikadutsa pakati imadumpha yokha kubwera m'mwamba eti? Ngati zili choncho ndi zomwezo.

Musanatsegule boneti onani kaye kapeti, zimamveka zoseketsa koma mati okhuthala ogula mumsewuwa amakola pedulo. Kenako boneti. Galimoto imeneyi klatchi ili ndi kabotolo kakekake ka fluid, kakang'ono, pafupi ndi ka mabuleki mbali ya dalaivala. Onani levulo komanso mtundu. Fluid watsopano amaoneka woyera motuwira chikasu, akakhala bii ndiye kuti wakalamba ndipo timaseal ta mkati tayamba kudyeka, zakudazo ndi mphira. Pa galimoto zakalezi anthu amasintha oilo wa injini mokhulupirika, wa mabuleki mwa apo ndi apo, koma wa klatchi mwina sanakhudzidwepo chichokereni ku Japan.

Apa mpamene pali nkhani ya kutentha imene mwanenayo. Brake fluid amayamwa chinyezi kuchokera mu mpweya, ndi chikhalidwe chake, nchifukwa chake amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Fluid wa mtundu wa DOT 4 watsopano sawira mpaka pa madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kutsika kufika cha m'ma 155, DOT 3 ndiye amachoka pa 205 kufika pa 140. Tsono 350Z ili ndi injini ya V6 ya malita 3.5, pansi pake mpopanikizana ndipo paipi ya klatchi ndi slave zili pafupi ndi ekizozi. Mukaima pa jamu ya pa mphambano za highway za Buccleuch kapena Gillooly's cha m'ma 5 koloko madzulo mu Disembala mphepo siidutsa pansi paja, inu mukungoponda kusiya kuponda kusiya, fluid wakale uja amatentha nkupanga tithovu, ndipo thovu limafinyika pomwe fluid safinyika, presha nkuthawa, pedulo pansi. Ikazizira zonse zimabwerera mwakale ngati palibe chinachitika, nchifukwa chake mukapita nayo ku galaja m'mawa amakuonani ngati mukunama.

Tsopano master. Lowetsani mutu kunsi kwa dashibodi ndi tochi, tsatirani kachitsulo kochoka pa pedulo kulowa mu khoma la injini, gwirani pamene kalowerapo. Pakakhala ponyowa, kapena penti yasupuka, kapena kapeti ya mkati ili nyatanyata, master ikudontha. Koma imathanso kufa osadontha olo dontho limodzi, seal ya mkati imangolola fluid kuzembera kubwerera m'botolo, levulo osatsika. Kuyesa kwake nkosavuta, pezani malo opanda galimoto kutsogolo, lizani injini, pondani klatchi mpaka pansi, lowetsani giya wani nkungogwira chomwecho kwa miniti, phazi lina lili tcheru pa buleki. Ikayamba kukwawa yokha kapena injini kufuna kuzima inu musanasunthe mwendo, presha ikuthawa ndipo kawirikawiri ndi master imeneyo.

Slave ndiye mpofunika kulowa pansi, ndipo chonde galimoto ikhale pa ma stand osati pa jeke yokha, njerwa ayi, galimoto imeneyi ndi yaifupi komanso yolemera. Sendani kamphira kamene kaphimba ndodo ya slave, mkati mwake muyenera kukhala mouma, mukapezamo fluid yatha ntchito. Mnzanu aponde inu mukuyang'ana. Ndodo iyenera kutuluka bwinobwino, kuima pamenepo nthawi yonse imene waponda, nkubwerera akasiya. Ikatuluka kenako nkumabwerera pang'onopang'ono iye akadali chipondere, mwaligwira vuto. Muonenso paipi ya mphira imene imafika pa slave, ikakalamba imafufuma akaponda, kapena imaphwanyikira mkati nkumalola fluid kupita koma pobwerera movutikira, apa pedulo siigwera pansi kamodzinkamodzi koma imabwera mwaulesi.

Wina mu makomenti wati thirani WD-40 pa pedulo zitheka. Sikuti walakwa kwenikweni, tima bush ta pulasitiki ta pa pedulo timauma nkumagwira, koma zimenezo zikanamachitika ndi m'mawa momwe osati ikatentha pokha. Ngati mukufuna kutsimikiza chotsani kapini kolumikiza pedulo ndi ndodo ya master muiyendetse ndi dzanja, ikamalira kapena kugwedera cham'mbali ndiye ikani gilizi kapena sinthani ma bush, ndi zotchipa. Muli komweko musaseweretse nati ya pa ndodo ija ngati simukudziwa chimene mukuchita. Pedulo imafunika ikhale ndi kampata pang'ono pamwamba isanayambe kukankha, mukaitalikitsa kwambiri ndodo imatseka kabowo kobwezera fluid m'botolo, fluid akatentha nkusowa kolowera, klatchi nkuyamba kuterereka, mwapanganso vuto lina pamwamba pa loyambalo.

Ndikanakhala ine ndikanayamba ndi kusintha fluid yense. Gulani DOT 4 wabwino wa botolo losatsegula, mashopu a sipeya ngati Midas kapena AutoZone amakhala naye, DOT 5.1 nayenso amalowa. Koma DOT 5 wopanda .1 uja musayerekeze, ndi wa silicone, sasakanikirana ndi enawo. Yamwani wakale m'kabotolo ndi jekiseni, pukutani matope a pansi, thirani watsopano, kenako lumikizani kapaipi koonekera mkati pa nipple ya slave, kabawuti kotulutsira mpweya, mbali inayo mu botolo. Mnzanu apope kangapo nkugwira pansi, inu tsegulani pang'ono, tsekani, iye akweze pedulo ndi dzanja chifukwa siibwera yokha nthawi imeneyi, musadabwe. Muzibwereza mpaka azituluka woyera wopanda thovu. Kabotolo kaja nkakang'ono kwambiri, kamatha msanga, kakangouma mwalowetsa mpweya muyambirenso, nde muziwonjezera pafupipafupi. Ma Z amenewa amavutako kutulutsa mpweya, pamafunika kudekha. Fluid akadonthera pa penti tsukani ndi madzi nthawi yomweyo, amadya.

Ngati zapezeka kuti master kapena slave yafa, sinthani zonse ziwiri pamodzi. Zakula limodzi, zamwa fluid wakuda yemweyo, mukaika imodzi yatsopano presha yake imakamaliza inzake ija pasanapite nthawi nde mudzalipira leba kawiri. M'malo mwa paipi ya mphira ija ikani ya braided, yokutidwa ndi timawaya toluka, ndipo ngati chotchinga kutentha chinachotsedwa kapena chinang'ambika kulungani china. Izi musagule za sikirapu ngakhale akuuzeni kuti zachoka pa galimoto yoyenda, kalirole kapena chitseko ku ma sikirapu a ku Booysens kapena mu Jules Street palibe vuto, koma chinthu cha mphira chimene chakhala chouma pa shelefu ayi. Pogula tengani VIN, nambala ya chasisi ya galimotoyo.

Mwayi wanu ndi woti yanu ndi ya 2005, injini ya DE, slave ili kunja, mabawuti awiri basi yatuluka. Kuyambira 2007 pamene anabweretsa injini ya HR anaika slave mkati mwa bell housing, chigoba cha kutsogolo kwa giyabokosi chophimba klatchi, pamodzi ndi bearing, imeneyo ikafa giyabokosi itsike basi palibe kuchitira mwina, ndipo mwina makaniko wanu akuganiza za imeneyo. Mapepala a galimoto zakalezi nthawi zina amasokoneza komanso ena amasintha injini, nde tsimikizani ndi maso, DE ili ndi paipi imodzi ya mpweya yolowa mu injini pomwe HR ili ndi awiri, uku ndi uku.

Makaniko uja atha kukhala kuti akulondola pokhapokha ngati zonsezi zili bwino koma vuto likupitirira. Zizindikiro zake ndi izi, slave ikutuluka bwino koma fork ndi imene ikukakamira kapena kulira kwii, mukaponda mukumva kukhukhuta m'phazi ngati pali mchenga, phokoso la bearing likubwera mukangokhudza pedulo, kapena ma rev akukwera mu giya 4 pokwera mtunda koma liwiro osawonjezeka. Palinso ina yoti pedulo imangokakamira pokhapokha mukasintha giya ma rev ali m'mwamba kwambiri, imeneyo imatha kukhala pressure plate yotopa ngakhale fluid naye amachita zomwezo. Zikafika pamenepo ndiye tsitsani, ndipo poti mwatsegula kale aone fork, kampira kachitsulo kamene fork imazungulirapo, seal ya kumbuyo kwa injini ndi flywheel, chimbale cholemera chimene klatchi imagwirapo, yake ndi dual mass, ya zigawo ziwiri, ndipo ndi yodula zedi nde afotokoze bwino chifukwa chake asanakulembereni pa kotesheni. Kit ya Exedy kapena LuK ndi yodalirika, ndipo muwauze akusungireni zakale muzione.

Panopa musanakonze, pa loboti muzichotsa giya nkusiya klatchi osati kuima mutaponda, botolo la fluid likhale mu buti, ndipo ikakakamira muli pa msewu ikokeni ndi phazi nkupopa katatu kanayi presha imabwerako yokwanira kutulukira pa offramp. Koma ku highway nthawi ya jamu ndingakonde mutaisiya kaye, slave ikaphulika giya siilowanso ndipo kuima pa M1 usiku kudikira breakdown mukudziwa nokha mmene Joni alili. Mujambule kabotolo ka fluid ndi pansi pa pedulo muponye pompano, komanso mutiuze ngati ikumachita injini ili yozima.