Mkulu wa yunivesite wosathamangira apolisi si wamantha

Mwafunsa ngati mkulu wa yunivesite amene amapewa kuitana apolisi pa nthawi ya zipolowe za ndale ndi wamantha. Ine sindikuona choncho, ndipo zimene zinachitika ku America zikundichitira umboni.

Mu April 1968, ophunzira atalanda nyumba zingapo za pa yunivesite ya Columbia, mkulu wa yunivesiteyo, Grayson Kirk, anaitana apolisi. Anthu opitirira 700 anamangidwa, ambiri anavulala, ndipo iyeyo anatula pansi udindo chaka chomwecho.

Kingman Brewster, yemwe anali mkulu wa yunivesite ya Yale, anachita zosiyana. Mu May 1970, khamu litakhamukira ku New Haven, mzinda umene kuli Yale, kukatsutsa mlandu wa atsogoleri a Black Panther, gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda, iye anatsegula zipata za sukuluyo ndi kulola kuti ochita zionetserowo apatsidwe chakudya ndi malo ogona, ngakhale kuti ambiri ankaopa kuti zinthu ziwonongeka. Sikuti zonse zinayenda bwino, pakuti bomba linaphulika pa nyumba ina ya masewera, koma palibe amene anafa. Spiro Agnew, wachiwiri kwa pulezidenti wa dzikolo, anafuna kuti Brewster achotsedwe, komabe iye anakhalabe pa mpandowo mpaka 1977.