Zithunzi zanga zinapita ku Joni m'paipi, zinabweranso m'paipi

Mlongo wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Amajambula ndi penti, zithunzi zakwana 20, ndipo akufunsa kuti malo pa art fair (chionetsero chogulitsa zojambula) ya kunja amalipira zingati komanso kwa ndani. Achemwali, mwanditokosa pachilonda.

Zaka zingapo zapitazo ine ndinakulunga zinsalu zanga 8, n'kuzilowetsa m'paipi ya madzi ya pulasitiki, n'kumata selotepi uku ndi uku. Ndinakwera basi ya ku Joni: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge. Pa boda iliyonse funso linali limodzi, mwanyamula chiyani umo? Usiku wonse paipi ili pakati pa miyendo, mayi amene ndinakhala naye pampando atafungatira jumbo la usipa, moti mpaka lero ndikamva fungo la usipa ndimakumbukira ulendo uja. M'mutu mwanga ndinkati zikakhala ngati Trade Fair ya pa Chichiri: ulipira, akulozera malo, uyala katundu. Nditafika pa art fair ya ku Joni ndinagula tikiti ngati wina aliyense, ndipo paipi anandisungira pakhomo pamodzi ndi maambulera a anthu.

M'kati makoma oyera mbee, magetsi ngati masana. Pambali pa zithunzi zina panali kadontho kofiira, ndinachita kufunsa kuti ndidziwe kuti ndiye kuti chagulidwa. Mitengo yambiri sinalembedwe, umafunsa monong'ona. Ndinalimba mtima n'kuonetsa mwini galari (nyumba yoonetsa ndi kugulitsa zojambula) wina ntchito yanga pafoni: dzuwa likulowa panyanja, bwato, mayi atasenza ndowa. Anati n'zokongola, maso ali kwa munthu wa suti amene anali kumbuyo kwanga. Ndinam'tukwana mumtima mpaka ku Park Station. Pano ndimavomereza kuti sanalakwe.

Art fair ndi msika wa magalari. Wojambula sabwereka malo payekha pa ma art fair akuluakulu. Art Basel, yomwe inayamba mu 1970 ku Switzerland, anaiyambitsa ndi eni magalari, mmodzi wa iwo Ernst Beyeler. Ina yotchedwa 1-54, imene Touria El Glaoui anayambitsa mu 2013 ku Somerset House ku London (54 akuimira mayiko a mu Africa), imachitikanso ku New York ndi ku Marrakech. Ya ku Cape Town imakhala mu February. Galari imapempha malo, komiti imasankha, ndiyeno galariyo imalipira malowo, ndege ya katundu, inshulansi ndi hotela. Chithunzi chikagulidwa nthawi zambiri imatenga theka. Anzanga amati ndi umbava. Ine ndimakana kwamtuwagalu. Kakhaleni masiku anayi mutaimirira, ndalama zitapita kale, popanda kadontho ndi kamodzi komwe, mubwere mudzandiuze za umbava.

Mwalembanso kuti ntchito yanu ndi "modern". Kumeneko mawuwa amanena akale, a Picasso, a Gerard Sekoto. Inu amene mukujambula lero ndinu "contemporary". Mukasokoneza pa fomu akudziwani msanga kuti ndinu mlendo.

Koma chondiwawa kwambiri ndi ichi: tazolowera kujambulira alendo odzaona nyanja. Bwato, mlambe, njovu, bwato. Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973, amasoka zidutswa za silika zoonetsa moyo wake wa m'nyumba, iye ndi mwana wake, ndipo dziko likumulondola. Mmalawi mnzathu Samson Kambalu anaimika chiboliboli cha John Chilembwe atavala chipewa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Chipewa chokha chija chikunena nkhani yonse ya atsamunda. Palibe mwa awiriwa anafika kumeneko ndi dzuwa lolowa. Ndani anatiuza kuti mzere wa mafuta pa filling station, kapena agogo akuwerenga makobidi pa chigayo, si zojambula?

Ndiye muchite chiyani?

Pa 20 zija sankhani 10 zolankhulana. Zijambuleni bwino kunja kukuwala, lembani kukula kwake, chaka ndi penti amene munagwiritsa ntchito. Onani magalari amene anaonetsa ku Cape Town ndi ku 1-54 chaka chatha, mulembere atatu okha amene ntchito yawo ikufanana ndi yanu. Ngati mungathe, pitani kaye kukangoona. Ndipo mukamakulunga chinsalu, penti ayang'ane kunja. Ine ndinamuika m'kati, ziwiri zinang'aluka.