Kalulu amene ankatafuna waya usiku wonse

Sabata yatha mayi wina wa ku Bangwe ananditumizira imelo. Akuti mwana wawo anapatsidwa kalulu ndi amalume ake, koma kaluluyo amangokhalira kutafuna waya wa khola, ndiye akufunsa ngati pali zoseweretsa zimene angamupangire pakhomo osalowa m'sitolo. Mayi, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa landikumbutsa kalulu amene ine ndinamulakwira.

Nthawi imeneyo tinkachita lendi ku Chilomoni, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, phiri la Michiru tikuliona tili pakhonde. Ndinagula kalulu wamkazi wotuwa, makutu akuda kunsonga. Khola ndinakhoma ndekha ndi matabwa otsala komanso waya, kakhola koti iye akadumpha kawiri wafika kumapeto. Ndinkamuikira madeya, madzi ndi masamba a kabichi, n'kumati udindo wanga wathera pomwepo. Usiku timangomva khwere khwere khwere pawaya mpaka tambala woyamba. Ine ndinkati ndi mwano. Patapita miyezi anayamba kungodzipanikiza pakona, ndikalowetsa dzanja amafuna kundiluma, ndipo kunsi kwa mapazi ake akumbuyo ubweya unasosoka, panatuluka zilonda chifukwa choponda waya usana ndi usiku.

Tsiku lina madzulo mwana wanga anaiwala kutseka chitseko cha khola. Ndinatuluka ndi lichero m'manja n'kupeza kalulu uja ali pabwalo. Anathamanga mpaka kumpanda, kubwerera, kenako analumpha m'mwamba n'kupotokola thupi asanatere pansi. Anabwereza katatu. Atatero anapita patsinde pa mtengo wa mango n'kuyamba kukumba, dothi lili waa kumbuyo kwake, mphuno yonse itafiira. Ndinakhala pansi ndi lichero langa, misozi ili mbwee. Miyezi yonse ija ndinali ndisanamuonepo akuchita chilichonse cha ukalulu.

Aneba anga atamva kuti ndikukulitsa khola anati, "Inu amayi, kalulu ndi ndiwo, mukuvutikiranji?" Mawu amenewa ndimawakana mpaka lero. Sindikutsutsa amene amaweta akalulu kuti adye kapena agulitse, ambiri akulipirira ana sukulu mwa njira imeneyo. Koma ngakhale mudzamuphe pa Khirisimasi, lero ali moyo, ndipo ali m'manja mwanu. Kumutsekera m'kabokosi mopanda pothawira ndi nkhanza, ndipo ndikutero monga munthu amene ndinachitapo nkhanzayo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kalulu ali ndi mano 28 ndipo onsewo amakula moyo wake wonse. Chimene chimawaperesa ndi kutafuna udzu kwa maola ambiri patsiku. Madeya amatha pa mphindi zochepa, kenako tsiku lonse alibe chochita, ndiye waya uja amasanduka ntchito yake. Umenewo si mwano ayi, ndi kusowa chochita.

Mbira nazonso timazilakwira chimodzimodzi. Anyamata ambiri ku Ndirande ndi ku Chirimba amaweta mbira m'makhitchini, ndipo ena amasunga imodzi yokha. Mbira kwawo ndi kumapiri a Andes ku South America, ndipo ndi nyama yokhala pagulu, ikakhala yokha imafooka. Thupi lake silipanga vitamini C, choncho imafunika masamba aawisi tsiku lililonse. Ndipo musaigulire kagudumu kothamangiramo kamene mumaona pa Facebook, kameneko n'ka tinyama tina, msana wa mbira sufuna kupindidwa chotero. Ndikumbutsenso za kutentha kwa mu Okutobala kuno ku Blantyre: kalulu amapirira chiperoni cha mu Juni kusiyana ndi dzuwa la masana pansi pa lata. Khola likhale pamthunzi.

Tsono zoti mupange

Pitani mumsika wa Limbe mukapemphe makatoni awiri kapena atatu, muchotse selotepi ndi timawaya tonse, muboole makomo awiri pa katoni iliyonse kuti azilowa uku n'kutulukira uko. Kalulu sakonda pobisala pa khomo limodzi. Mapepala olimba a pakati pa tishu muziwadzaza udzu wouma, mkatimo mutabisamo chisoso kapena kholowa, azivutikira yekha kutulutsa. Beseni lakale lodontha mulithire dothi louma kuti azikumbamo. Masamba muziwamangirira m'mwamba pang'ono ndi luzi kuti aziimirira ndi miyendo yakumbuyo, ndipo mumuponyere nthambi ya mabulosi kuti azikungunula khungwa. Masamba a mapeyala, a tomato ndi a mbatata ya kachewere musamupatse, ndi poizoni kwa iye. Pansi pa khola ikanipo thabwa kapena mphasa yakale kuti mapazi apume ku waya.

Koma zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi kumutulutsa. Kalulu amachangamuka m'bandakucha ndi madzulo dzuwa likapendeka, ndiye mwana wanu akaweruka kusukulu n'kudya, amutsegulire pamalo otchingidwa, mwanayo akhale pansi pompo osamunyamula, maso ali kwa agalu, amphaka ndi akabawi. Mundilemberenso, mayi, mundiuze kukula kwa kholalo ndiponso ngati mapazi ake akumbuyo akadali ndi ubweya.