Kukagona m'tenti pamchenga wa damu lodzadza anthu, ndipite kapena ayi?

Achemwali ena andilembera imelo, akuti akufuna kutenga ana awo awiri akagone m'tenti pamchenga wa damu lina lalikulu lomwe pa wikendi pamakhala anthu osayamba, ndiye akufunsa ubwino wake ndi kuipa kwake. Funso lalifupi koma landiyabwa, chifukwa nkhani imeneyi ine ndi alamu anga sitinamvanebe mpaka pano.

Alamu angawo ndi munthu wokonda gulu, malo akakhala zii iwo amati palibe chochitika. Ndi amene anatikokera ku damu lina Lachisanu masana, ndipo sindinama, titangofika ndinati aaa koma alamu apa mwalasa. Galimoto inafika mpaka pamchenga penipeni, palibe zosenza katundu mtunda wautali, tenti tinakhoma pafupi ndi galimoto, ana anavula nsapato osadikira n'komwe kuti injini izime. Madzi ali phee, mafunde kulibe, chimbudzi chilipo chapatali pang'ono, foni ikugwira bwinobwino. Kwa munthu amene sanagonepo panja ndi ana zimenezi si zazing'ono, mwana akatentha thupi usiku mumangolongedza n'kumapita, palibe zoyenda ndi tochi m'tchire.

Nde dzuwa litapendeka magalimoto anayamba kulowa. Imodzi, ina, inanso, mpaka pofika mdima zingwe za matenti zinali zikupingasana, ukamapita kuchimbudzi umachita kudumpha. Anyamata ena anaimika pikapu kumbuyo kwathu kwenikweniko n'kutsitsa jenereta ndi chisipika chachikulu, ndipo kutsidya kwa damu kunalinso gulu lina ndi nyimbo zawo. Chodabwitsa n'choti za kutsidyazo zinkamveka ngati akuimbira pakhomo pa tenti yathu. Sikuti ndi makutu anga ayi, usiku mpweya wa pamwamba pa madzi umazizira pamene wa m'mwamba ukadali wofunda, ndiye phokoso m'malo mokwera n'kutayika limapindikira pansi n'kuyenda pamadzipo mtunda wautali. Ndiye amene amakuuzani kuti "mungosuntha tenti pang'ono" sanagonepo pa damu, olo musunthe mamita 200 nyimbo zikupezani.

Koma phokoso ine ndimalikhululukira, munthu sufa ndi tulo ta usiku umodzi. Chimene sindikhululukira ndi jenereta kufupi ndi tenti ya anthu ena. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, sununkha, suoneka, umangoyamba ndi mutu ndi nseru kenako tulo, ndipo munthu amene wagona kale sadzuka kuti azindikire. M'chaka cha 2000 a zaumoyo ku America anatulutsa lipoti la anthu amene anakomoka ndi ena kumwalira pa Lake Powell, damu lalikulu la kumeneko, chifukwa cha utsi wa majenereta a maboti ogonamo, utsi umene unkaunjikana kumbuyo kwa boti komwe ana amakonda kusambira. Pamenepotu ndi panja, pamtetete, osati m'nyumba. Ndinapita kukawapempha anyamata aja kuti atembenuze jenereta paipi iloze kwina ndipo aisunthe, anachita mwaulemu ndithu, koma funso n'lakuti n'chifukwa chani mayi wa ana awiri azikayenda mumdima kukachonderera anthu oledzera kuti ana ake apume bwino? Chimodzimodzi mbaula ya makala, osailowetsa m'tenti olo kuzizire bwanji.

Alamu anga pamenepa amati ndimakokomeza. Amati gulu ndi chitetezo, ukakhala wekha pathengo ndi pamene uyenera kuopa. Mbali ina akunena zoona, m'mawa mwake galimoto yathu inatitimira mumchenga, matayala akungozungulira n'kumadzikumbira dzenje, ndipo amene anabwera ndi chingwe ndi fosholo ndi anyamata a jenereta omwe aja, mitu ikuwawawa koma anakankha. Mmodzi ndi amene anatiuza kuti tiphwetse matayala pang'ono kuti aphwatalale pamchenga, galimoto inatuluka. Ndiye eya, gulu limathandiza pa galimoto, pa machesi, pa pampu ya matiresi.

Pa madzi gulu silithandiza, ndipo apa sindisintha maganizo olo alamu akwiye. Anthu akachuluka aliyense amaganiza kuti wina akuyang'ana ana, mapeto ake palibe amene akuyang'ana. Ndinaona ndi maso anga kamnyamata kena kakuyenda m'madzi ofika m'chiuno, kakuseka, phazi limodzi kutsogolo basi kanangotsala tsitsi. Sikanakuwe, sikanamenye madzi, manja okha akupalasa pansi. Bambo wina amene anaima chapafupi anakagwira pamkono n'kukakoka, pamtunda nyimbo zikupitirira, makolo ake anadziwa mwana akutsokomola kale pamchenga. Kumira kumakhala choncho, kwachete, ndipo pamene pali sipika ndi maboti a injini ndi pamene simungamve kalikonse.

Chifukwa chake n'choti damu si nyanja yachilengedwe. Nyanja yachilengedwe mafunde akhala akusalaza gombe lake zaka zikwizikwi, pamene damu ndi chigwa chimene anthu anatseka n'kudzaza madzi, pansi pake pali zonse zimene zinali pamtunda: maphompho, khwawa la mtsinje wakale, zitsa, mipanda, pena misewu ndi maziko a nyumba. Ku damu la Kariba, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, khoma linatha mu 1959 koma mpaka lero mitengo youma ikadali chiimire m'madzi. Ndiye mchenga umene mukuutcha gombewo kwenikweni ndi pansi pa damu pamene madzi aphwerapo kwa kanthawi, ndipo amene amalamula kuti madzi afike pati ndi anthu amene amatsekula ndi kutseka madzi pa khoma la damulo, malinga ndi magetsi, ulimi wothirira kapena mvula imene yagwa kumtunda komwe inu simunaione. Pa Lake Powell pomwepo, damu limene linayamba kudzadza mu 1963, pali malo otchuka ogona pamchenga otchedwa Lone Rock, chimwala chimene maboti ankachizungulira, koma mu 2022 madzi anatsika mpaka anthu ankachifikira wapansi. Chithunzi chokongola chimene mwaona pa Facebook mwina anajambula madzi ali pena, inu mukapeza matope ndi ulendo wautali kuti mufike pamadzi. Zimachitikanso mosemphana, banja lina limene linakhoma tenti m'mphepete penipeni usiku umene ife tinagona pa damu paja linadzuka mphasa zili chonyowa, madzi anakwera pang'ono, boti lina n'kudutsa mothamanga m'mamawa, funde lake n'kumalizitsa.

Komanso madzi a damu amanamiza, pamwamba ofunda bwino koma ukangotsika pang'ono ndi ozizira zedi. Madzi akakhala pansi pa madigiri 15 munthu akagweramo mwadzidzidzi thupi limakoka mpweya lokha mosafuna, ngati mutu uli m'madzi ndiye wakoka madzi, olo akhale katswiri wosambira. N'chifukwa chake zodumpha kuchokera pa boti kapena pamwala ine ndimadana nazo.

Ndisanaiwale, za mapazi. Pamchenga wa anthu ambiri mumakhala mabotolo osweka, mbedza za asodzi, ndipo choipitsitsa ndi anthu amene amati azimitsa moto pongoukwirira ndi mchenga. Mchenga suzimitsa moto, umausunga, makala amakhala akutentha mpaka mawa lake ndipo pamwamba sipaoneka kanthu, mwana amangopondapo. Moto umazima ndi madzi, ndipotu madzi ali pomwepo damu lonse, ulesi basi. Za chimbudzi ndisayambe n'komwe, chimene chinali chaukhondo Lachisanu pofika Loweruka madzulo palibe ankalowamo, anthu ankangozemba kuseri kwa zitsamba, pamalo pomwe madzi akakwera adzakokolola zonse kulowa m'damu limene mwina anthu ena amamwa. Ku Lake Powell analamula kuti wogona m'mbali mwa madzi kutali ndi zimbudzi azinyamula chimbudzi chake chonyamulika, ndipo ine ndikuona kuti lamulo limeneli likanakhala paliponse.

Nanga ubwino ulipo?

Ulipo, ndautchula kale ndipo sindikuubweza. Kufika n'kosavuta, thandizo lili pafupi, ana amapeza anzawo mphindi zochepa, ndipo m'mamawa anthu a phokoso akagona damu limakhala lanu nokha kwa maola awiri kapena atatu. Koma ubwino wonsewu umapezekanso Lachiwiri kapena Lachitatu, pamene kuipa kwambiri kumabwera ndi Lachisanu ndi Loweruka. Ndiye ine sindikutsutsa damu, ndikutsutsa wikendi ndi masiku a holide, makamaka kwa munthu wamkulu mmodzi ndi ana awiri, maso awiri sangakwane.

Achemwali, yankho langa ndi ili: pitani, koma pakati pa sabata, usiku umodzi kaye, ndipo mutenge munthu wamkulu wina woti muzisinthana kuyang'ana ana, wina akakhala pa ntchito imeneyo foni pansi. Muimbire kaye oyang'anira damulo mufunse ngati kugona ndi kusambira n'kololedwa komanso madzi ali pati. Tenti mukhome kumtunda kwa mzere umene zinyalala ndi timitengo taunjikana, ndi pamene madzi anafika komaliza, malo akalola mutalikire mamita 60 kuchokera kumadzi. Zikhomo wamba mumchenga zimazuka ndi mphepo ya masana, mangani chingwe ku thumba lodzaza mchenga n'kulikwirira. Ana avale majekete oyandamitsa, osati timatayala topopa tija, ndi nsapato nthawi zonse. Madzi akumwa mubwere nawo. Mukaona madzi abiriwira ngati athiramo penti ndiye ndere zapoizoni zimenezo, asalowe mwana olo galu. Ndipo ngati damulo lili kudera lotentha komwe kuli likodzo, mufunse a zaumoyo musanalole ana kusewera m'madzi osayenda a m'mbali mwa bango, nkhono zake zimakonda pamenepo.