Mafunso a Awerengi: Kuphunzitsa za Pulasitiki Ana Akugwira ndi Manja

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa sayansi. Tinayesa kupanga pulasitiki ya mkaka koma tinangopeza zamadzimadzi zosaumbika. Tinalakwitsa pati?

YANKHO: Aphunzitsi, nthawi zambiri vuto limakhala kutentha. Tenthetsani mamililita 250 a mkaka mpaka uyambe kutulutsa nthunzi, pafupifupi madigiri 60, koma usawire. Thirani masupuni ang'onoang'ono anayi a viniga, omwe ndi mamililita 20, ndipo takasani pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi. Muona timibulu toyera tikupatukana ndi madzi achikasu. Timibuluto ndi puloteni yotchedwa casein, yomwe asidi wa mu viniga waiundanitsa. Mkaka ukakhala wozizira timibulu timachepa kwambiri moti timadutsa pansalu posefa, ndipo kutakasa mwamphamvu nako kumatiphwanya.

Sefani pansalu, finyani mpaka madzi asiye kudontha, kandani kenako kanikizani m'chikombole. Choumbacho chisakhuthale kuposa theka la sentimita, chifukwa chokhuthala chimauma kunja kokha n'kung'aluka. Ngati ana akuumba mabatani, aboole timabowo chikadali chofewa. Chimauma pa masiku awiri kapena atatu, ndipo muzichitembenuza kuti chisapindike. Auzeni ana kuti izi si masewera chabe: pulasitiki ya casein inayamba kupangidwa ku Germany chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo mabatani ambiri ankapangidwa nayo. Kufakitale ankailimbitsa ndi formaldehyde, mankhwala oopsa omwe asafike m'kalasi mwanu. N'chifukwa chake yanuyo idzafewanso ikakhalitsa m'madzi.

FUNSO: Popanda makina, ana angamvetse bwanji zomwe zimachitika kufakitale?

YANKHO: Apa ndi pomwe timafuna aphunzitsi azithera nthawi yambiri. Pezani glue gun, chipangizo chamagetsi chosungunulira guluu. Kamtengo ka guluu kamalowa kali gwa, kamasungunuka m'kati, kenako kamakankhidwa kutulukira pakabowo. Umu ndi momwe mapaipi amapangidwira, kungoti kufakitale chokankha ndi sikulu yaitali yozungulira ndipo cholowa ndi timibulu ta pulasitiki.

Tsopano dindani batani padongo lofewa, lichotseni, pakani timafuta pamalo padindikapo, n'kudzazamo guluuyo. Mwasonyeza kapangidwe ka zitsekero za mabotolo. Zolakwika musazibise, muli phunziro lonse. Guluu akazizira asanafike m'makona, chinthu chimatuluka choduka. Akachuluka amasefukira m'mbali n'kusiya kamkombero kopyapyala. Mukathira mothamanga mpweya umatsekeredwa, n'kusiya timabowo. Amisiri a kufakitale amalimbana ndi mavuto atatu omwewa. Glue gun imatentha kupyola madigiri 100, choncho kwa ana aang'ono igwireni nokha, mbale ya madzi ozizira ili pafupi.

Za botolo, lowetsani baluni m'botolo lopanda kanthu, mkamwa mwake muvundikire kukamwa kwa botololo, mwana auzire. Sikufufuma, chifukwa mpweya wa m'botolo ulibe kothawira. Boolani kabowo pansi, auzirenso: baluni ikufufuma n'kutenga maonekedwe a botolo. Zikombole zenizeni nazo zimakhala ndi timipata totulutsira mpweya. Kenako apatseni botolo la madzi alitembenuze. Apeza kadontho kolimba pakatikati pa tsinde, pomwe pulasitiki inalowera poyamba, ndi timizere tiwiri m'mbali, pomwe mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Mwana akazipeza ndi chala chake saiwala.

FUNSO: Kodi tingasungunule majumbo ndi mabotolo akale m'kalasi?

YANKHO: Ayi, chonde musatero. Pamoto simungalamulire kutentha, ndipo pulasitiki ya mtundu wa PVC ikapsa imatulutsa mpweya wa hydrogen chloride wowononga mapapo. M'malo mwake ana asankhe zinyalalazo potsata manambala 1 mpaka 7 osonyeza mtundu wa pulasitiki, omwe anayamba kulembedwa pazinthu za pulasitiki mu 1988. Dulani tizidutswa ta sentimita imodzi, tiponyeni m'madzi. Pulasitiki ya mtundu wa PET, nambala 1, imamira. Ya HDPE, nambala 2, ndi ya PP, nambala 5, zimayandama. Okonzanso pulasitiki amalekanitsa mabotolo ndi zitsekero zake mwa njira yomweyi. Kachidutswa ka PET kakayandama, ndiye kuti kamatiridwa ndi thovu la mpweya: donthezani sopo wamadzi pang'ono, kakankheni ndi chala, kamira.